Nyesi ya mu Mkhate wa Amalume

Amene tinalipo pa tsiku logawa katundu wa malemu amalume anga, a Gidiyoni Mwanza, patatha chaka chiwaikire m'manda, tinali anthu anayi okha. Panali ine, mwana wa mlongo wawo. Panali mlongo wanga Yosefe, amene anatsogolera mwambowo chifukwa ndiye mwamuna wamkulu wotsala kuchikazi kwathu. Panali Esinati, mwana yekhayo wa malemuwo, amene ndi msuweni wanga. Wachinayi anali Tiyanjane, mwana wamkazi wa Esinati, mayi wa ana awiri, wogwira ntchito kubwalo la ndege ku Mfuwe. Kwa Tiyanjane linali tsiku loyamba kuponda pakhomo pa agogo ake. Kwa Esinati linali loyamba chikwatiwire, ndipo panali patapita zaka zoposa makumi anayi.

Katunduyo sanali wambiri. Bwato linali litang'ambika kale, choncho tinagwirizana kuti likhale komwe lili kumtsinje. Njinga anatenga Yosefe. Wailesi ndi Baibulo lachikuto chosokedwa ndi ulusi wa ukonde zinapita kwa Esinati, ndipo miono ndi maukonde tinati tipatse asodzi apafupi. Pomaliza Yosefe analoza kuseri kwa nyumba nafunsa kuti mkhate atenga ndani. Mkhatewo ndi mbiya yaikulu yotambasuka kukamwa, yoti mwana wa zaka zitatu angakhalemo posamba. Palibe anaufuna. Tiyanjane, amene tsiku lonse anakhala kumapeto kwa bwalo akumwa madzi a m'botolo limene anabwera nalo, anasendera pafupi nane nafunsa motsitsa mawu:

"Amama, kodi chinthu chija anachichotsamo asanamwalire?"

Ndinayang'ana Esinati kuti ayankhe mwana wake, koma iye anayang'ana pansi. Ndinauza Tiyanjane kuti mu mkhatemo simunkakhala chinthu, munkakhala nsomba. Anavomera ndi mutu mwaulemu, nati anamva kuti agogowo ankanena choncho. Pamenepo ndinazindikira kuti amalume tinawaika m'manda dzina lawo lisanayere, ndi kuti ife awiri, ine ndi Esinati, amene tinaona ndi maso tikafa tili chete, zidzukulu zawo zidzawakumbukira ngati mfiti. N'chifukwa chake ndikulemba izi.

Amalume anali msodzi wa m'madziwe otsalira Luangwa akaphwera, cha kuno ku Nkwali. Anali aatali, owonda, ndipo khutu lawo lamanzere silinkamva bwino, kotero kuti polankhula ndi munthu ankapendeketsa mutu ngati akumvetsera chinthu chili pansi pa nthaka. Pakhomo ankalankhula Chikunda. Chinyanja ankasungira alendo, ndipo ankachilankhula pang'onopang'ono, mosankha mawu. Kukacha ankayamba kuzungulira bwalo kuona ngati njovu zadutsa, kenako n'kupita kumadzi. Masana ankakhala pansi pa mtengo wa mchenja kusoka ukonde, chala chachikulu chakuphazi chitakola chingwe. Ine ankanditcha "aphunzitsi" kuyambira tsiku limene ndinasankhidwa kupita kusekondale, ngakhale kuti sindinaphunzitsepo munthu. Akandiona ndikubwera patchuti ankauza Esinati kuti asese msanga pakhomo, boma lafika.

Nsomba imene inawalanda mwana imatchedwa nyesi. Ndiyenera kuifotokoza, chifukwa ana a masiku ano ambiri sanaionepo. Ndi yonenepa, yofewa, yopanda mamba, ya mawanga akuda pathupi lotuwa. Ili ndi ndevu ngati mlamba, koma maso ake ndi aang'ono kwambiri ndipo siithamanga. Imakhala m'mauna a m'gombe ladongo kapena pakati pa mizu, ndipo imatuluka mdima ukagwa. Ukaigwira imakumenya ndi mphamvu yofanana ndi ya magetsi. Mkono umachita dzanzi mpaka paphewa, ndipo ikakhala yaikulu, munthu amagwa. Asodzi ambiri akaipeza mu ukonde amaitukwana n'kuipha ndi mtengo wouma. Amalume sankaipha. Ankati nsomba imene Mulungu sanaipatse maso abwino kapena liwiro anayenera kuipatsa china chodyera, ndipo munthu woitcha yoipa chifukwa chakuti yamupweteka sanakhale pansi kuiyang'ana.

Iwo anakhala pansi n'kuiyang'ana. Tili atsikana, ine ndi Esinati, anatiitana kumkhate naponyamo kansomba kamoyo. Kansombako kanazungulira kawiri, kenako kanangouma, n'kutembenuka mimba m'mwamba, popanda chochikhudza. Nyesi inasendera mwaulesi n'kukameza. Anatiuza kuti umo ndi mmene imasakira. Siithamangitsa chakudya, imachiimitsa. Mphamvu yomweyo ndiyo imatetezera una wake, ndipo nsomba zazikulu kuposa iyo zimaulambalala. Tsiku lina atapeza ina itafa m'mono anaisenda natisonyeza mnofu wonga phala lozizira umene umakuta thupi lonse pansi pa khungu, nati mphamvuyo imachokera m'menemo. Ankadziwanso chinthu china chimene chili mtima wa nkhani ino: kuti nyesi imatopa. Kumenya kwake koyamba n'koopsa, kwachiwiri n'kocheperako, ndipo ikamenya motsatizana kambirimbiri imatsala ndi kanyerenyesi chabe, mpaka itapuma nthawi yaitali.

Za mphuta, nsomba yakukamwa kakang'ono ija, ankati nayonso ili ndi kamphamvu komweko, koma kochepa kwambiri koti sungakamve pokhapokha uli ndi bala pachala. Ankadabwa kuti m'madzi amatope, mmene munthu sangaone dzanja lake, mphuta siigunda chitsa ndipo siisochera pa zinzake. Ankati ziyenera kuti zimayankhulana ndi kamphamvuko. Ndili kusekondale ndinapeza m'buku la sayansi kuti nsomba zamtunduwo zimatulutsa magetsi ochepa ozungulira thupi, ndipo zimazindikira mwala, chakudya ndi zinzake mwa kusintha kwa magetsiwo. Nditawauza patchuti anandifunsa ngati wolemba bukulo anafikapo ku Luangwa. Ndinati sindikudziwa. Anati ngati sanafike, ndiye kuti kwawonso kuli munthu wa bala pachala.

Chifukwa chimene nyesi inkakhalira pakhomo chinali miyendo ya akazi awo, amake Esinati. Anadwala nyamakazi akadali amayi apakati, ndipo nyengo zina sankatha kuimirira. Amalume ankatchera mono pakhomo pa una, n'kubweretsa nyesi mu thumba louma, n'kuiika mu mkhate. Ankayamba aitopetsa poikhudza ndi bango lonyowa mpaka itatsala ndi mphamvu yochepa, kenako akazi awo ankaviika phazi m'madzimo. Sindinganene kuti zinkachiritsa, pakuti nyamakaziyo anafa nayo. Chimene ndinaona n'chakuti pambuyo pake ankayenda mpaka kumunda, ndipo ankagona osabuula. Pakapita masiku atatu kapena anayi amalume ankabweza nsombayo pa una womwe anaitenga. Pamwamba pa mkhate ankavundikira lichero n'kutsindika ndi mwala. Aliyense wa kuno akaona mbiya yotsindikidwa ndi mwala amadziwa kuti muli chamoyo, ndipo amafunsa asanavundukule.

Sanali munthu wofewa, ndipo sindifuna kuwakometsa. Anakangana ndi asodzi anzawo pa nkhani yothira mankhwala ophera nsomba m'dziwe, ndipo atakalamba anakangananso ndi achinyamata pa nkhani yokoka tinsomba ndi maneti a udzudzu. Tsiku lina anang'amba neti ya mwana wa mnzawo pamaso pa anthu, ndipo sanapepese. Akatsimikiza kuti alondola sankabwerera, ngakhale pamene kubwerera kukanawapulumutsa. Mkangano wawo waukulu unali ndi amayi anga, mlongo wawo, ndipo ndiufotokoza pamalo pake.

Esinati atakula anafunsiridwa ndi mnyamata dzina lake Filimoni Tembo. Banja la a Tembo linali litatsika kumene kuchokera kumtunda, n'kutsegula golosale m'mbali mwa msewu wopita kubwalo la ndege. Anali anthu olimbikira ntchito ndi opemphera, koma mtsinje sankaudziwa. Nsomba ankaziona zitauma kale pamsika. Tsiku lodzakambirana za ukwati linali la nyengo yotentha, mvula isanagwe. Alendo anafika cha m'ma leveni koloko pa njinga. Panali a Tembo aakulu, abale a atate a mnyamatayo, amene anali nkhoswe komanso mkulu wa mpingo kwawoko. Panali mlongo wawo. Ndipo Filimoni anabwera kudzawalozera njira nakhala patali, monga mwa ulemu. Ine ndinali nditamaliza kumene sukulu, ndipo ntchito yanga tsikulo inali yoperekera madzi.

Zokambirana zinayamba bwino. A Tembo anafunsa ngati n'zoona kuti anthu a kuchigwa amakwatitsa ana awo kwa ng'ona mkamwini akachedwa, ndipo amalume anayankha kuti ng'ona imabwera ndi nsomba, pamene wa kumtunda amabwera ndi ludzu. Onse anaseka. Pakati pa nkhani a Tembo anapempha kupita kuseri, nsapato atazisiya pamphasa. Pobwerera anafuna kusamba m'manja ndi kumaso chifukwa cha kutentha. Anaona mkhate pamthunzi, pansi pali ponyowa, nachotsa mwala ndi lichero. Kwawoko mbiya imavundikiridwa poopa nkhuku ndi fumbi basi. Anapisamo manja onse awiri mpaka m'zigongono.

Tinamva kukuwa, ndipo tinawapeza ali chagada m'matope, manja atawakweza m'mwamba ngati si awo. Amalume sanamve msanga chifukwa khutu lakufa lija ndilo linaloza kuseriko, ndiponso anali atalowa m'nyumba kukatenga fodya wopatsa alendo. Mphindi zimenezo n'zimene zinawononga zonse. Filimoni anathamanga ndi pampu ya njinga, yachitsulo, naitosa m'madzi kuti aone chili m'katimo. Anaiponya kutali akugwira phewa. Mlongo wa a Tembo anatosa ndi ndodo ya ambulera imene inali itagwera m'matope, nayenso anadzidzimuka. Filimoni anatolanso pampu ija, pofuna kuonetsa chamuna pamaso pa apongozi, natosa mobwerezabwereza, akulumpha nthawi iliyonse, koma kulumphako kukucheperachepera. Ine ndinaima pomwepo ndi chikho m'manja, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe chimene chikuchitikira nsombayo.

Amalume atafika anagwada pafupi ndi a Tembo, nawapepesa, nawasisita manja mpaka dzanzi litayamba kutha. Kenako, pofuna kuwachotsa mantha, anachita chinthu chimene chinaoneka chanzeru kwa iwo okha. Anapisa manja mu mkhate, natulutsa nyesi ija, naigoneka pa zikhato zawo ziwiri. Inali itatheratu mphamvu. Inangogona, ndevu zikugwedera pang'ono.

"Onani, achimwene, ndi nsomba chabe. Dzina lake nyesi."

A Tembo anayang'ana nsombayo, nayang'ana manja awo, nayang'ananso nkhope ya amalume. Analankhula mosakweza mawu.

"Anthu atatu yatimenya. Inu yakulekani. Ikudziwa mwini wake."

Amalume anafotokoza kuti yatopa, kuti ikapuma idzamenya aliyense, iwonso amene. Anapempha alendowo kuti agone, kuti mawa m'mawa adzaone okha. A Tembo anafunsa kuti nsomba imatopa bwanji kwa mwini nyumba yekha, ndiponso munthu wopemphera amasungiranji chinthu chotere kuseri kwa nyumba, chotsindikidwa ndi mwala. Atauzidwa za miyendo ya amake Esinati, anati ndiye kuti n'zoona, ndi mankhwala. Amalume anasowa mawu a Chinyanja okwanira, nayamba kulankhula Chikunda mofulumira, ndipo zimenezo zinawonjezera mantha a alendo.

Apa ndiyenera kunena mbali yanga. Ndinali ndi mawu amene akanathandiza. Ndikanati nsombayo ili ngati mabatire a tochi, amene ukawayatsa nthawi yaitali amazilala, ukawapumitsa amabwereramo. A Tembo ankagulitsa mabatire m'golosale mwawo, ndipo ankalemekeza anthu a sukulu. Mawuwo anafika pakamwa panga. Koma mtsikana wosakwatiwa salankhula pamaso pa ankhoswe, makamaka pa ukwati wa msuweni wake, ndipo ndinaopa kuti adzati ana a pakhomo pano alibe mwambo. Ndinakhala chete kuti ndisawononge ukwati wa Esinati. Alendo anavala nsapato, nakana chakudya, nakwera njinga zawo dzuwa lili pamutu.

M'mawa mwake amalume anatiitana tonse kuseri kwa nyumba: akazi awo, Esinati, amayi anga ndi ine. Anachotsa mwala, navula malaya, naima opanda nsapato pamalo pomwe anaima a Tembo, napisamo manja onse awiri. Nsombayo inali itapuma usiku wonse. Inawaponya pansi chagada, ndipo anakhala nthawi ndithu asanathe kudzuka. Atadzuka anatiyang'ana mmodzimmodzi. Tonse amene tinalipo tinali anthu odziwa kale. Amene anayenera kuona anali kwawo, akufotokozera anzawo zimene anaona dzulo lake. Amalume anatenga thumba, nabweza nsombayo kumtsinje.

Patapita milungu iwiri uthenga unabwera. Mnyamata akumufunabe mtsikanayo, ndipo banja lavomera, koma Esinati akakhale kwa mwamuna, asadzapondenso pakhomo pa atate ake, ndipo ana amene adzabadwe asadzadye kapena kumwa kanthu ka pakhomopo. Panali njira imodzi yofewetsera lamulolo: amalume aphwanye mkhate pamaso pa akulu a mpingo wa a Tembo, n'kulapa. Amayi anga anapita kwa mlongo wawo katatu. Anawauza kuti mbiya ndi dothi, mwana ndi magazi, aphwanye basi, mawu olapa ndi mpweya. Amalume anayankha kuti mkhate angauphwanye lero lomwe, koma sangalape ufiti umene alibe, chifukwa akatero Esinati adzakhala mwana wa mfiti yovomera yokha, ndipo miyendo ya akazi awo idzakhala yoyenda ndi ufiti. Amayi anawatcha munthu wouma mutu wokonda nsomba kuposa mwana. Anakhala chaka osalonjerana. Kufikira lero sindidziwa amene analondola pa awiriwo.

Esinati ankamukonda Filimoni, ndipo ankaganiza kuti nkhaniyo idzazilala pakabadwa mwana woyamba. Atate ake anamuuza kuti apite, asataye banja chifukwa cha iwo. Nkhaniyo sinazilale. Inapita kumagolosale n'kubwerako itakula. Ena ankati mu mkhate munali njoka ya nkhope ya munthu, ena ankati munali mwana wakufa kale amene ankawasakira nsomba. Asodzi akale ankaseka, chifukwa aliyense wa iwo nyesi inamumenyapo. Koma akalewo anatha mmodzimmodzi, obwera anachuluka, ndipo ngakhale odziwa anayamba kufunsa kuti n'chifukwa chiyani munthu ameneyu yekha ndiye ankaisunga pakhomo. Amayi a m'mudzi anasiya kudzapala moto. Kutchalitchi benchi la amalume linkakhala ndi malo ngakhale tsiku lodzaza.

Kwa Esinati kunali kosakwana maola awiri pa njinga. Loweruka lililonse amalume ankavala malaya oyera, n'kumanga nsomba zouma zosankhidwa bwino, n'kupita kukakhala pansi pa mtengo patsidya pa msewu, moyang'anizana ndi golosale. Esinati ankawoloka, n'kugwada, n'kulonjerana nawo mwachidule, n'kulandira phukusi. Onse awiri ankadziwa kuti nsombazo sizilowa m'nyumba, zimapatsidwa kwa aganyu. Amalume sanasiye kubweretsa. Ndinawafunsapo chifukwa chake, ndipo anati munthu sapita kwa mwana wake chimanjamanja. Tsiku lina anafika kwanga nkhope ikuwala, nandiuza kuti alankhula ndi Tiyanjane. Mtsikanayo ankachokera kusukulu, ndipo iwo anati, "Mwaswera bwanji, amama?" Iye anayankha bwino lomwe, monga amayankhira mkulu aliyense wa mumsewu, napitirira. Anati akuyenda ngati agogo ake aakazi miyendo isanawavute. Nkhani ya moni umodziwo anandiuza kambiri m'zaka zotsatira, ndipo sanawonjezerepo kanthu.

Amake Esinati atamwalira, Esinati anabwera kumaliro koma anakhala pakhomo loyandikana, napita kumanda kuchokera kumeneko. Kuyambira pamenepo amalume sanabweretsenso nyesi kunyumba. Anatsuka mkhate, ndipo m'mawa uliwonse ankaudzaza madzi abwino a pachitsime, n'kuika chikho pambali, osatsindikanso mwala. Ankati ndi madzi a alendo. Ine ndinkamwa ndikapita, ndipo Yosefe ankamwa. Sindinaonepo wina. Madzulo ankathirira madziwo mtengo wa papaya, m'mawa n'kutunganso ena.

Atakalamba ndithu kunabwera bambo wina woperekeza alendo a m'makampu oonera nyama zakuthengo. Anali atamva kuti mkuluyu amadziwa nsomba ya magetsi, ndipo anawapempha kuti azipita kumudzi wa Kawaza kukaionetsa kwa alendo akunja, amene amakonda zinthu zoterezi. Anali ndi cholinga chabwino, ndipo mwina zikanayeretsa dzina lawo. Ine ndinawalimbikitsa kuvomera. Anamvetsera mutu atapendeketsa, kenako anamuthokoza bamboyo nati:

"Ndinaionetsapo kamodzi kwa alendo."

Bamboyo anapita osamvetsa. A Tembo aakulu anali atamwalira kale, ndipo Filimoni anawatsatira patapita zaka. Ndinkaganiza kuti tsopano Esinati abwera. Koma ana ake anali atakula ndi nkhani ija, ndipo kuti abwere anayenera kuwauza kuti amayi awo anadziwa zoona zaka zonsezo n'kukhala chete. Loweruka lililonse ankati adzawauza. Amalume anasiya kupalasa njinga maondo atafooka, ndipo Loweruka linayamba kudutsa ngati masiku ena. Anapezeka masana ena ndi mayi wopita kotola nkhuni, atamwalira, atatsamira mchenja, ukonde uli pamiyendo, chingwe chidakali chokola kuchala. Mkhate unali wodzaza.

Pa tsiku logawa katundu lija, Yosefe ataona kuti palibe wofuna mkhate, anati ukhale pomwepo. Tiyanjane anatsazika msanga kuti akapeze galimoto. Esinati anatsalira. Tinakhala awiri pakhonde. Kale tinkanyozana monga achitira asuweni, iye n'kumanditcha mkazi wa mabuku, ine n'kumamutcha mkazi wa pampu, koma tsikulo nthabwala sizinabwere. Pomaliza anati:

"Msuweni, inu munapita kusukulu. Lembani. Ine ndikayamba kumuuza Tiyanjane, pakamwa pamauma."

Ndinamuuza kuti ndikalemba ndilemba zonse, za kukhala chete kwanga ndi kwake komwe. Anati ndilembe choncho. Ndamuwerengera zimene zili pamwambazi, ndipo sanandiuze kuti ndichotse mawu alionse. Anangokonza chinthu chimodzi, kuti atate ake sanagwe chagada m'mawa uja, anagwa chammbali, nadzuka okha atakana dzanja la amayi ake. Pansi pa pepala lomaliza walemba dzina lake ndi dzanja lake.

Ndinapita pakhomo pa amalume sabata yatha. Njira yolowera pakhomo yamera udzu, ndipo ndinaidziwa ndi mchenja wokha. Denga lagwa mbali ya kum'mawa. Njovu zinathyola papaya uja, ndipo palibe amene anazungulira bwalo m'mawa mwake kuona mapazi ake. Pansi pa mchenja pali malo osalala pamene ankakhala, ndi msomali m'thunthu pamene ankakoleka ukonde. Kumtsinje bwato ladzaza mchenga. Gombe ladongo lija lidakalipo ndi mauna ake, koma sindidziwa ngati muli kanthu, ndipo palibenso wondiuza. Kuseri kwa nyumba mkhate uli pamalo pake, wosang'aluka. Muli masamba ouma ndi ukonde wa kangaude. Chikho chili pambali, chovundikira pansi, monga anachisiyira. Anthu atola nsungwi za padenga ndi chitseko chomwe, koma mkhate ndi chikho palibe wazikhudza.

Tiyanjane, mwana wa msuweni wanga, mapepala awa ndikupereka kwa iwe. Sindikukupempha kuti ukhulupirire mawu anga okha. Ufunse msodzi aliyense wachikulire za nyesi, ufunsenso ngati imatopa. Chimene ndikupempha n'chakuti uwasunge pouma, pamodzi ndi Baibulo lachikuto cha ulusi lija lili kwa amayi ako, ndipo ana ako akafika pa msinkhu womva uwawerengere osadumpha tsamba. Uwauzenso kuti mkulu wa malaya oyera amene anakupatsa moni pamsewu tsiku lina, ukuchokera kusukulu, anali agogo ako, ndipo unawayankha bwino.